Linga la pa Muqattam ndi Mzinda Womwe Linkauyang'anira

Munthu akaima pakati pa Cairo, likulu la dziko la Egypt, n'kuponya maso kum'mwera chakum'mawa, chomwe chimayamba kumukopa ndi mzikiti waukulu womwe wakhala pamwamba pa chitunda. Madenga ake ndi obulungira, osanjikizana ngati mbale zovundikira, ndipo m'mbali mwake mwaima nsanja ziwiri zowonda, zosongoka ngati mapensulo. Eni mzinda amangoti al-Qal'a, kutanthauza linga. Alendo ambiri akauzidwa kuti pamenepo ndi pa linga la Saladin, amabwerera kwawo akuganiza kuti mzikitiwo anamanga ndi Saladin yemweyo. Si choncho ayi. Pakati pa tsiku lomwe Saladin analamula kuti mpanda uyambike ndi tsiku lomwe maziko a mzikitiwo anakumbidwa panadutsa zaka zoposa 650, ndipo m'zaka zimenezo muli nkhani zomwe zimafuna kuzimva mofatsa.

Mawu akuti linga si achilendo kwa Achewa. Makolo ankamanga malinga m'masiku a nkhondo, n'kuthawiramo ndi ana, ziweto ndi chakudya, ndipo mpaka lero dera lina la pa Nkhotakota limatchedwa Linga. Mudzi wonse unkalowa m'kati, mdani n'kutsala kunja. Linga la ku Cairo ndi la mtundu wina. M'kati munkakhala mfumu ndi asilikali ake okha, pamene mzinda wonse unkatsala kunja, kunsi kwa phiri. Amene wagwira kusiyana kumeneku wagwira chingwe cha mbiri yonse ya malowa.

Salah al-Din Yusuf ibn Ayyub, yemwe azungu anafupikitsa dzina lake n'kukhala Saladin, sanali mbadwa ya ku Egypt. Anali wa mtundu wa Kurd, wobadwira ku Tikrit m'dziko lomwe lero ndi Iraq, ndipo anafika ku Egypt ndi gulu la nkhondo la Shirkuh, mbale wa bambo ake. Anapeza dziko lili pa chipwirikiti. Mu 1168 nduna yaikulu Shawar inali italamula kuti mzinda wakale wa Fustat utenthedwe, poopa kuti ungagwe m'manja mwa Amalric, mfumu ya ankhondo a mtanda ochokera ku Ulaya omwe ankalamulira Jerusalem. Chaka chotsatira Saladin anakhala nduna yaikulu, ndipo mu 1171 anathetsa ufumu wa banja la Fatimid, lomwe linakhazikitsa Cairo mu 969. Kuchotsa banja lomwe lalamulira zaka 200 si kuzula chisoso. Asilikali okhulupirika kwa eni akale anamuukira mu 1169, ndipo mu 1174 kunaululika chiwembu china chofuna kubwezera banjalo pa mpando. Saladin analibe tulo. Adani anali kutsidya kwa chipululu, komanso ena anali m'misewu ya mzinda womwe ankagonamo.

Ku Syria, komwe anakulira, mzinda uliwonse waukulu unali ndi linga lake, monga ku Aleppo ndi ku Damascus. Cairo analibe. Choncho mu 1176 anasankha mphuno ya thanthwe yomwe yatuluka m'mapiri a Muqattam. Pali nthano yomwe anthu a ku Cairo amakonda kusimba, yakuti anapachika nthuli za nyama m'malo osiyanasiyana kuti aone komwe kuli mpweya wabwino, ndipo ya pachitundapo ndiyo inachedwa kuwola. Nthanoyo ndi yokoma, koma msilikali ngati Saladin sankafunika nyama kuti aone zomwe aliyense amaona akakwera pamenepo: mzinda wonse uli poyera, msewu uliwonse, ngakhale fumbi la gulu lomwe likubwera kutali.

Ntchito anaipereka kwa Baha al-Din Qaraqush, kapitawo wosaseka ndi munthu. Kuuma mtima kwake kunatchuka kotero kuti mpaka lero anthu a ku Egypt akaona ulamuliro wankhanza amati ndi ulamuliro wa Qaraqush. Miyala ina anaisema pa phiri pomwepo, ina anakaigumula pa timapiramidi ting'onoting'ono ta ku Giza n'kuiolotsa mtsinje wa Nile. Mlendo wina wochokera ku Spain, Ibn Jubayr, anadutsa mu Cairo mu 1183 ndipo analemba kuti anaona akaidi ankhondo achikhristu ochuluka zedi akudula miyala ndi kukumba ngalande m'thanthwe. Pa chipata cha Bab al-Mudarraj pali mwala wolembedwa wa nthawi yomweyo, womwe umatchula Saladin, mbale wake al-Adil ndi Qaraqush. Mayina a omwe anatuluka matuza m'manja palibepo.

Ntchito yogometsa kuposa zonse ya nthawi imeneyo siioneka ndi kutali, chifukwa inalowa pansi. Linga lopanda madzi ndi msampha kwa eni ake: mdani angolizinga, n'kukhala pansi kudikira kuti ludzu limugwirire ntchito. Qaraqush analamula kuti akumbe chitsime m'thanthwe lenilenilo, kutsika pafupifupi mamita 90 mpaka kukapeza madzi. Panalibe makina, panalibe wonga wophulitsira miyala, koma nyundo, zitsulo zosemera ndi misana ya anthu. Chitsimecho anachigawa pawiri. Dzenje lakumtunda ndi lotakasuka, ndipo kuzungulira dzenjelo anasema njira yotsetsereka yokhotakhota, yokhala ndi timawindo toyang'ana m'dzenjemo kuti kuwala kuzilowako pang'ono. Njirayo sanaisemere anthu okha. Ng'ombe zinkatsika nayo mpaka pa chipinda cha pakati, komwe zinkazungulitsa gudumu lokoka mitsuko yomangirira pa chingwe. Mitsukoyo inkatunga madzi m'dzenje lakunsi n'kuwakhuthulira m'thamanda, kenaka ng'ombe zina zapamwamba zinkazungulitsa gudumu lachiwiri lokweza madziwo kufika pabwalo. Aliyense amene anakumbako chitsime cha mamita khumi pamudzi, n'kumva mmene mpweya umachepera ndi mmene dothi limalemerera pokweza, angathe kuyerekeza zomwe anthu aja anakumana nazo mumdima wa pansi pa phiri.

Chitsimechi chimatchedwa Bir Yusuf, chitsime cha Yusuf, ndipo alendo ambiri akale ankakhulupirira kuti ndi cha Yosefe mwana wa Yakobo. Dzinalo ndi la Saladin, poti Yusuf ndilo dzina lomwe anapatsidwa pobadwa.

Mwini dzinayo sanakhalemo m'linga lake. Anachoka ku Egypt mu 1182 ndipo sanabwererenso. Anakalanda Jerusalem mu 1187, n'kumwalira ku Damascus mu 1193. Woyamba kusamutsira nyumba ya ufumu pachitundapo anali al-Kamil, mwana wa mbale wake, cha m'ma 1207. Iyeyu ndi amene anakulitsa nsanja zina, monga Burj al-Ramla ndi Burj al-Haddad, zomwe zikuonekabe kumbali ya kum'mawa. Kuyambira pa al-Kamil, amene wakhala pa linga ndiye ankatengedwa kuti ndi mwini Egypt, ndipo zinakhala choncho kwa zaka pafupifupi 700.

Ankhondo a mtanda omwe Saladin ankawaopa sanafike pa mpandawo ndi tsiku limodzi lomwe. Magazi oyamba otchuka omwe anakhetsedwa m'menemo anali a eni nyumba.

Mu 1249 mfumu Louis IX ya ku France inalowa mu Egypt ndi gulu lalikulu, ndipo Sultan al-Salih Ayyub anamwalira nkhondo ili pakati. Mkazi wake Shajar al-Durr, yemwe anayamba moyo wake ngati kapolo, anabisa malirowo kuti asilikali asagwe mphwayi. Chakudya chinkalowabe m'hema wa mfumu, makalata ankatulukabe m'dzina lake, ndipo mu 1250 Louis anagonja n'kugwidwa. Mayiyu analamulira Egypt m'dzina lakelake kwa masiku pafupifupi 80, chinthu chosowa kwambiri m'nthawi imeneyo, kenaka anakwatiwa ndi mkulu wa asilikali, Aybak. Mu 1257 anamva kuti mwamunayo akufuna kutenga mkazi wina wa ku banja lachifumu la ku Mosul, ndipo anatuma anthu kukamupha ali m'bafa m'linga momwemo. Pasanapite masiku ambiri nayenso anaphedwa. Olemba mbiri akale amati adzakazi a mkazi wamkulu wa Aybak anamumenya ndi nsapato zamatabwa, thupi lake n'kuponyedwa kunja kwa mpanda. Ndi imfa yomvetsa chisoni kwa mayi yemwe nzeru zake zinapulumutsa dziko.

Apa ndi pomwe panayambira ufumu wa a Mamluk, womwe unatenga zaka 267. Dzinalo limatanthauza munthu wokhala ndi mwini wake. Anali anyamata ogulidwa kutali, poyamba ku zidikha za kumpoto kwa nyanja ya Black Sea, pambuyo pake ku mapiri a Caucasus. Ankafika ku Cairo ali ana, osadziwa chilankhulo, atasiya makolo omwe sadzawaonanso. M'nyumba za asilikali za m'lingamo ankaphunzitsidwa Chiarabu, chipembedzo cha Chisilamu, kukwera hatchi ndi kuponya mivi, ndipo akamaliza ankamasulidwa n'kupatsidwa hatchi ndi zida. Ena mwa iwo anakwera mpaka kukhala mafumu. Kukwera kumeneku sikufafaniza msika womwe anagulitsidwapo, ndipo mwina n'chifukwa chake ufumu wawo unali wokayikirana chotero, pakuti munthu woleredwa popanda mbale amadalira lupanga ndi anzake omwe anakulira nawo basi. Pa nkhondo anali akatswiri. Mu 1260 anagonjetsa a Mongol pa Ain Jalut, patangotha zaka ziwiri a Mongol atawononga Baghdad, motero gulu loopsalo silinaone n'komwe mpanda wa Cairo. Baybars, yemwe anakhala mfumu chaka chomwecho, anagawa lingalo pawiri, mbali yakumpoto ya asilikali ndi yakum'mwera ya nyumba zachifumu. Anakonzanso mtokoma wa okwera hatchi ndi wa nkhunda, kotero kuti uthenga wochokera ku Syria unkatera pa nsanja za linga utamangidwa pa mbalame. Mzera wachiwiri wa mafumu a Mamluk unatchedwa Burji, kuchokera ku mawu otanthauza nsanja, chifukwa asilikali ake ankagona m'nsanja za linga lomweli.

Amene analiveka lingali ulemerero woposa onse ndi al-Nasir Muhammad. Anaikidwa pa mpando asanakwanitse zaka 10, akuluakulu anamuchotsa, anabwerera, anachokanso, ndipo ulendo wachitatu analamulira kuyambira mu 1310 mpaka imfa yake mu 1341. Anamanga nyumba yachifumu ya Qasr al-Ablaq, ya mizere ya miyala yakuda ndi yowala, komanso holo yaikulu ya nsanamira zazitali momwe ankakhala Lolemba ndi Lachinayi kumva madandaulo. Anakonzanso za madzi, poti chitsime chimodzi sichikanakwanira khamu lomwe tsopano linkakhala pachitundapo pamodzi ndi mahatchi ndi minda ya maluwa. Madzi a mu Nile ankakwezedwa ndi magudumu n'kuyenda m'ngalande ya pamwamba pa zipilala. Sultan al-Ghuri anaikonzanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, ndipo nsanja yake ya makona asanu ndi limodzi ya pa Fumm al-Khalig pamodzi ndi zipilala zambiri zikadalipo, magalimoto akudutsa m'mphepete mwake.

Pa zonse zomwe al-Nasir anamanga pachitundapo, chomwe chatsala chathunthu ndi mzikiti wake, womangidwa mu 1318 n'kukulitsidwa mu 1335. Kunja kwake kulibe zokometsera zambiri, ndipo gulu la alendo limaudutsa mothamangira mzikiti waukulu uja. Amene walowamo n'kuyang'anitsitsa nsanamira zozungulira bwalo amaona kuti sizifanana. Ina ndi yonenepa, ina yowonda, ina ya mwala wofiirira, ina yotuwa, ndipo mitu yake ndi yosemedwa mosiyanasiyana. Amisiri anazitola m'nyumba zakale za nthawi ya Afarao, ya Aroma ndi ya Akhristu a ku Egypt, ndipo zomwe zinali zazifupi anaziikira mwala wokulirapo kunsi kuti zonse zilingane pamwamba. Mitu ya nsanja zake ziwiri inakutidwa ndi matailosi obiriwira, luso lofanana ndi la ku Persia lomwe silipezeka kawirikawiri mu Cairo. M'bwalo limeneli muli bata, ndipo pa malo onse a m'lingamo ndi pomwe munthu amamva kukula kwa zaka.

Mu nthawi ya mfumu imeneyi linga linalandira mlendo wochokera kumadzulo kwa Africa. Mu 1324 Mansa Musa, mfumu ya Mali, anadutsa mu Cairo pa ulendo wake wa Hajj wopita ku Mecca, ali ndi anthu masauzande ndi ngamira zosenza golide. Atauzidwa kuti akwere ku linga kukaonana ndi Sultan, anayamba wazengereza, chifukwa mwambo wa kumeneko unali woti mlendo aliyense agwade n'kupsompsona pansi pamaso pa mfumu. Iye anali mfumu payekha, ndiye akagwadire bwanji mfumu inzake? Malinga ndi al-Umari, yemwe anafunsa anthu omwe analipo, nkhaniyo inatha pamene Mansa Musa ananena kuti agwadira Mulungu amene anamulenga, ndipo al-Nasir anamulandira mwaulemu n'kumukhazika pambali pake. Golide yemwe alendowo anagawa ndi kugulira zinthu anali wochuluka kotero kuti mtengo wake unatsika m'misika ya Cairo, ndipo patatha zaka 12 anthu anali akusimbabe za ulendowo. Kukumana kwa mafumu awiri olemera a mu Africa kumeneku kunachitika zaka zoposa 170 Vasco da Gama asanazungulire kum'mwera kwa Africa.

Kunsi kwa linga, moyang'anizana nalo, kuli mzikiti wamkulu wa Sultan Hasan, womwe unayambika mu 1356. Makoma ake ndi aatali ndi olimba kotero kuti oukira boma ankakwera padenga pake n'kumaponyera zida m'linga, mpaka Sultan Barquq anachita kugumula masitepe ake kuti anthu asamakwereko. Uwu ndiye mtundu wa nkhondo womwe mpandawo unazolowera: kagulu kena ka asilikali kulimbana ndi kanzake, mkulu wina kufuna mpando wa mnzake.

Adani akunja akabwera, nkhani inkathera kutali ndi mpanda. Mu 1517 Sultan Selim I wa ku Turkey anagonjetsa a Mamluk pa Ridaniya, kunja kwa mzinda, ndipo mfumu yawo yomaliza, Tuman Bay, inapachikidwa pa chipata cha Bab Zuweila. Selim anakanganula miyala yokongola ya m'nyumba zachifumu ndi ya mu mzikiti wa al-Nasir n'kuitumiza ku Istanbul pamodzi ndi amisiri. Egypt anasanduka chigawo chabe cha ufumu wa Ottoman. Mu 1528 bwanamkubwa Sulayman Pasha anamanga mzikiti waung'ono wokongola kumbali yakumpoto, woyamba mu Egypt wa kamangidwe ka ku Istanbul, koma nyumba za al-Nasir zinayamba kugwa pang'onopang'ono. Magulu awiri a asilikali, a Janissary kumtunda ndi a Azab kumunsi, ankakhala moyandikana ngati mphaka ndi galu, ndipo chipata cha Bab al-Azab, cha nsanja ziwiri zonenepa, chomangidwa mu 1754, chinatenga dzina la gulu lachiwirilo. Napoleon naye analowa mu 1798 atapambana nkhondo kutsidya kwa Nile. Anthu a mu Cairo atamuukira mu October chaka chomwecho, mizinga ya asilikali a ku France inawombera kuchokera pamtunda kulunjika dera la mzikiti wa al-Azhar, pakati pa nyumba za anthu.

Mu 1805 zinthu zinatembenuka. Atatopa ndi misonkho komanso kulanda kwa asilikali, anthu a mu Cairo, motsogozedwa ndi akuluakulu a chipembedzo ndi Umar Makram, anazinga bwanamkubwa Khurshid Pasha m'lingamo kwa milungu yambiri, mpaka anatsika. M'malo mwake anasankha mkulu wa asilikali a ku Albania, wobadwira ku Kavala, dzina lake Muhammad Ali. Ankaganiza kuti apeza wowamvera. Patangotha zaka zinayi, Umar Makram anapirikitsidwa mu Cairo ndi munthu yemwe anamukweza.

Otsala omwe akanatha kulimbana ndi Muhammad Ali anali akuluakulu a Mamluk, omwe ankagwirabe minda ndi asilikali. Pa 1 March 1811 anawaitanira ku linga ku mwambo wotsanzikana ndi mwana wake Tusun, yemwe ankapita kukatsogolera nkhondo ku Arabia. Anabwera atavala zovala zawo zapamwamba, pa mahatchi okongoletsedwa. Analandiridwa bwino, anamwa khofi, anacheza. Paja akuluakulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mdipiti utayamba, anawaika pakati, n'kuyamba kutsika ndi kanjira kopapatiza kosemedwa m'thanthwe kolowera ku Bab al-Azab. Gulu lakutsogolo litangotuluka, chipata chinatsekedwa. Asilikali omwe anali atakwera pamakoma mbali zonse anayamba kuwomba. M'kanjira kotero hatchi singatembenuke, ndipo lupanga silifika kwa munthu amene ali pamwamba ndi mfuti. Anafa anthu mazana angapo, ndipo chiwerengero chomwe chimatchulidwa kawirikawiri ndi 470. Masiku otsatira nyumba zawo zinafunkhidwa mu mzinda, ena n'kusakidwa m'zigawo. Anthu amasimba za mmodzi, Amin Bey, kuti anadumpha mpanda ali pa hatchi n'kupulumuka. Imeneyo ndi nthano yomwe mtima wa munthu umafuna ukamva za chiwembu chotere, kuti pakhale ngakhale mmodzi wotuluka.

Muhammad Ali ndi munthu wovuta kumuweruza ndi mawu amodzi. Anatsegula sukulu za udokotala ndi za uinjiniya, anatumiza achinyamata kukaphunzira ku France, anakhazikitsa makina osindikizira mabuku ku Bulaq, anakulitsa ulimi wa thonje, ndipo ambiri amamutcha tate wa Egypt wamakono. Yemweyonso analanda Sudan kuyambira mu 1820 pofuna golide ndi akapolo, ndipo alimi osawerengeka anakokeredwa ku usilikali ndi ku ntchito ya thangata. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo yoyambayo siyenera kuphimba inzake. A Mamluk nawo sanali angelo, koma kupha mlendo yemwe wangomwa khofi wako ndi chinthu chomwe mwambo uliwonse umanyansidwa nacho.

Zomwe anachita kwa anthuwo anachitanso ku nyumba zawo. Wonga utaphulika m'lingamo mu 1824 n'kuwononga malo ambiri, analamula kuti holo yaikulu ya al-Nasir ndi zotsala za nyumba zachifumu zigwetsedwe. Nsanamira zomwe zinaima zaka pafupifupi 500 zinagwetsedwa, zibuma n'kusalazidwa, ndipo pamwamba pake anayamba kumanga mzikiti wake mu 1830. Anautengera ku mizikiti ya mafumu a ku Istanbul, ngati kuuza Sultan wa kumeneko kuti ku Cairo kulinso wina wofanana naye. Denga lapakati ndi lokwera mamita 52 ndi lotambalala mamita 21, ndipo nsanja zake zimapitirira mamita 80. Makoma akunsi anakutidwa ndi mwala wa alabasitala wochokera kudera la Beni Suef. M'kati, munthu akavula nsapato n'kuponda pa kapeti, amapeza nyale zambirimbiri zolendewera m'mizere yozungulira, ndipo mawu ngakhale onong'ona amamveka akuyendayenda m'mwamba. Mwini wake anamwalira mu 1849 ntchito isanatheretu, ndipo manda ake ali kudzanja lamanja polowa. Madengawo anachita ming'alu, ndipo anamangidwanso m'zaka za m'ma 1930.

Pabwalo la mzikitiwu pali kansanja ka mkuwa kokhala ndi wotchi, mphatso ya mfumu Louis Philippe ya ku France m'zaka za m'ma 1840. Muhammad Ali anali atapereka kwa France chipilala chamwala cha ku Luxor, cha nthawi ya Ramesses II, chomwe chinaimikidwa pa Place de la Concorde ku Paris mu 1836. Wotchiyo inakhala zaka zambirimbiri osayenda. Chuma cha zaka zoposa 3,000 chinachoka mu Africa mwanjira imeneyo, ndipo n'zomveka kuti anthu a ku Egypt akamaonetsa alendo wotchiyo amaisimba nkhaniyi ndi kachisoni.

Mdzukulu wa Muhammad Ali, Khedive Ismail, ndiye anatsitsa boma pa phiri. Mu 1874 anasamukira ku nyumba ya Abdeen, pakati pa mzinda watsopano womwe ankamanga motengera Paris. Linga linatsala la asilikali. Mu September 1882, Angerezi atapambana pa Tel el-Kebir, okwera hatchi awo anafika pachipata ndipo asilikali a m'katimo anapereka makiyi popanda kumenyana. Angereziwo anakhalamo mpaka 1946. Mbali ina inali ndende, momwe munatsekeredwa anthu ambiri otsutsa boma, m'nthawi ya atsamunda ngakhalenso pambuyo pake, ndipo tizipinda take tazitseko zolemera tikuonekabe pafupi ndi nyumba yosungiramo mbiri ya apolisi.

Mu 1979 bungwe la UNESCO linaika Cairo wakale, pamodzi ndi lingali, pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, ndipo m'zaka za m'ma 1980 zipata zinatsegukira anthu wamba. Akatswiri ofukula zakale anapeza zipinda za a Mamluk zitakwiririka pansi pa bwalo lomwe alendo amapondapo. Nyumba ya Harem ya Muhammad Ali inasanduka yosungiramo mbiri ya asilikali. Pa khoma lina lakumadzulo pali chiwombankhanga chosemedwa pamwala, chomwe mutu wake unathothoka kale. Anthu amachitcha chiwombankhanga cha Saladin, ndipo chithunzi chomwe chili pakati pa mbendera ya Egypt chinachokera pa chimenechi. Chitsime cha Yusuf nthawi zambiri chimakhala chotseka, choncho ntchito yaikulu ya Qaraqush ndi akaidi ake ambiri amaidutsa osaiona.

Pomwe anthu amakonda kuunjikana ndi pa khonde lakumadzulo, kuseri kwa mzikiti waukulu. Ana a sukulu amatsamira pa kampanda, makolo akuwalozera mzikiti wa Sultan Hasan ndi wa al-Rifa'i chapafupi, nsanja yokhotakhota ya Ibn Tulun chapatali, ndipo tsiku lopanda fumbi mapiramidi a ku Giza amaoneka ngati timilu titatu kumapeto kwa mzinda wa anthu oposa 20 miliyoni. Phokoso la mahutala limakwera mpaka pamenepo. Nthawi ya swala ikakwana, kuitana kumayamba pa mzikiti umodzi, wina n'kulandira, mpaka mzinda wonse umamveka ngati ukuyankhizana.

Pa linga pali mzinga umodzi womwe ukadali pa ntchito. M'mwezi wa Ramadan, dzuwa likamapendekera kuseri kwa mapiramidi, mabanja amakwera msanga ndi mabotolo a madzi ndi timapaketi ta tende. Apolisi ovala yunifomu amathira wonga wopanda chipolopolo, ana akutseka makutu ndi zala kwinaku maso ali pa mzingawo. Wolamula amafuula kuti mzinga wa kumasula uwombe, utsi woyera umatuluka, nkhunda zimabalalika pamwamba pa mpanda, ndipo kunsi konse, m'nyumba, m'mashopu ndi pa matebulo aatali oyalidwa m'misewu, anthu amatambasula manja kutenga madzi.